Nambala ya Galimoto Ikasintha: Momwe Tingatsimikizire Apolisi Kuti Inshuwalansi Yathu Ikugwirabe Ntchito

Ambiri mwa ife masiku ano tili ndi galimoto kapena njinga yamoto, ndipo ena timayendetsa za parishi popita kukatumikira m'nthambi ndi m'miphakati. Tonse timadziwa kuti pamsewu sitiyenda popanda inshuwalansi. Koma pali vuto lina limene limagwera ngakhale anthu osunga malamulo. Nambala ya galimoto ikasintha, chikalata cha inshuwalansi chimatsala chikunenabe nambala yakale. Wapolisi akayerekeza chikalatacho ndi nambala imene ili pagalimoto, amaona zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kwa iye zimakhala ngati galimotoyo ilibe inshuwalansi, ngakhale mwini wake adalipira ndalama zonse. M'nkhani ino tifotokoza chiyambi cha vutoli, zoyenera kuchita kuti tilipewe, ndiponso zikalata zimene zingatiyankhulire tikaimitsidwa pamsewu.

Zimene lamulo likunena

Lamulo la zapamsewu la dziko lino, la Road Traffic Act la chaka cha 1997, limalamula kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, imene timaidziwa ndi dzina loti third party. Lamuloli likukhudzanso njinga zamoto. Cholinga chake n'chakuti munthu amene wavulazidwa ndi galimoto yathu, kapena banja la amene wamwalira, apeze chipukutamisozi ngakhale ife eni galimoto tilibe ndalama m'thumba. N'chifukwa chake lamulo lomweli limapatsa wovulalayo mwayi wosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji.

Kupatula third party, palinso inshuwalansi yotchedwa comprehensive, imene imalipiranso galimoto yathu yomwe ikawonongeka, ikapsa kapena ikabedwa. Imeneyi munthu amagula mwa kufuna kwake.

Ntchito yolembetsa galimoto ndi kupereka manambala ili m'manja mwa nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene ambiri timangoti a Road Traffic. Iwo amasunga mbiri ya galimoto iliyonse m'makompyuta otchedwa MalTIS. Inshuwalansi timagula ku makampani, ndipo makampaniwo amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya dziko lino. Tikuona tsono kuti amene amapereka nambala ndi ena, amene amapereka inshuwalansi ndi enanso. Tisaganize kuti tikasintha nambala ku Road Traffic ndiye kuti kampani ya inshuwalansi yakonzanso zikalata zathu. Udindo woidziwitsa ndi wathu.

Nambala ya chassis, mboni yosasintha

Galimoto iliyonse ili ndi manambala atatu. Yoyamba ndi ija timaiona kutsogolo ndi kumbuyo, imene boma limapereka ndipo lingathe kuisintha. Yachiwiri ndi ya injini, imene imasintha tikaika injini ina. Yachitatu ndi ya chassis, imene idadindidwa pa chitsulo cha galimoto ku fakitale, ndipo imakhala yomweyo mpaka galimotoyo idzathe ntchito.

Kuyambira m'chaka cha 1981, galimoto zambiri pa dziko lapansi zimakhala ndi nambala ya chassis ya zilembo ndi manambala 17, yotchedwa VIN. Galimoto zimene zidapangidwira msika wa ku Japan, zomwe ndi zambiri m'misewu yathu, zimakhala ndi nambala yofupikirapo, yoyamba ndi zilembo zosonyeza mtundu wa galimotoyo. Nambalayi timaipeza tikatsegula boneti, kapena pa chitsulo cha m'mbali mwa chitseko, kapenanso pansi pa mpando wa kutsogolo. Pa njinga yamoto imakhala pakhosi pa felemu, m'munsi mwa mahandulo.

Mgwirizano wa inshuwalansi umakhala pakati pa kampani ndi mwini galimoto, ndipo umakhudza galimoto imodzi yodziwika. Galimotoyo ikapatsidwa nambala ina, imakhala ikadali yomweyo, monga momwe munthu amakhalira yemweyo akasintha dzina. Choncho ntchito yathu pamaso pa wapolisi ndi kusonyeza kuti galimoto ya nambala yatsopanoyi ndi yomwe ija yolembedwa pa chikalata cha inshuwalansi. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi nambala ya chassis. Aliyense wa ife ayenera kudziwa pamene nambalayi ili pa galimoto yake, ndi kuonetsetsa kuti idalembedwa molondola pa zikalata zonse.

Nthawi zimene nambala imasintha

Choyamba ndi pamene tagula galimoto kunja. Zambiri zochokera ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe ku Karonga, zili ndi nambala yongoyembekezera yoyamba ndi zilembo za IT. Tikalipira msonkho ku Malawi Revenue Authority, apolisi n'kutsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa, a Road Traffic amaipatsa nambala ya kuno. Ngati tidagula inshuwalansi nambala ya kunoyo isanatuluke, chikalata chathu chimakhala ndi nambala ya IT kapena ya chassis yokha, ndipo chiyenera kukonzedwa.

Chachiwiri ndi pamene mwini galimoto wasankha yekha nambala ina, kaya ya zilembo za boma la kwawo monga DZ ya Dedza, MH ya Mangochi kapena KU ya Kasungu, kaya yokhala ndi dzina limene iye wakonda.

Chachitatu ndi pamene tagula galimoto imene kale idali ya boma ya nambala ya MG, kapena ya ofesi ya kazembe ya nambala ya CD. Galimoto yotere imalembetsedwa mwatsopano ndi kulandira nambala ya anthu wamba.

Chachinayi, ndipo ichi n'chofunika kuchimvetsa bwino, ndi pamene galimoto yoyendera banja yasanduka ya matola. Galimoto ya munthu wamba imakhala ndi nambala ya zilembo zakuda pa chikasu, pamene yonyamula anthu kapena katundu molipiritsa imakhala ndi ya zilembo zofiira pa choyera. Apa chimene chasintha ndi ntchito yeniyeni ya galimotoyo. Inshuwalansi ya galimoto ya banja siteteza anthu okwera molipira. Tiyenera kusintha mtundu wa inshuwalansi ndi kulipira mtengo wake, apo ayi kampani idzakhala ndi chifukwa chokanira ngozi ikadzachitika. Chimodzimodzi ndi njinga yamoto imene tidagula kuti tiziyendera koma tsopano ikuchita kabaza.

Pali zinthu zina ziwiri zimene anthu amasokoneza ndi kusintha nambala. Ngati chitsulo cha nambala chathyoka kapena chatayika n'kudindidwa china cha nambala yomweyo, inshuwalansi sikhudzidwa. Koma tikagula galimoto kwa mnzathu, ngakhale nambala isasinthe, inshuwalansi yake sitsatira galimotoyo kubwera kwa ife yokha, pakuti mgwirizano udali wa iye ndi kampani. Wogula apite ku kampani kukagula yake, kapena kukapempha kuti kampaniyo ivomereze mwa kulemba kuti mgwirizano wasamukira kwa iye.

Zoyenera kuchita nambala ikangosintha

Tsiku lomwe talandira nambala yatsopano, tidziwitse kampani ya inshuwalansi kapena ejenti amene adatigulitsa. Ngati tikudziwiratu tsiku limene nambala idzatuluke, ndi bwino kuwauza lisanafike. Tisangoyankhula pakamwa kapena pafoni pokha ayi. Tilembe kalata, kapena uthenga wa pa intaneti, wokhala ndi dzina lathu, nambala ya mgwirizano wa inshuwalansi, nambala yakale ya galimoto, nambala yatsopano, nambala ya chassis ndi tsiku limene kusinthaku kwachitika. Tiphatikizepo kope la chikalata cha umwini wa galimoto, chimene tonse timachitcha blue book, chosonyeza nambala yatsopanoyo. Ngati tapereka kalatayo pamanja, tipemphe kuti atidindire kope lathu ndi kulembapo tsiku.

Kampani ikalandira, imalemba chikalata chosintha mgwirizano, chimene m'maofesi mwawo amachitcha endorsement, ndipo imatulutsa chiphaso chatsopano cha inshuwalansi chokhala ndi nambala yatsopano. Ngati chiphaso chenichenicho chichedwa, tipemphe chikalata chongoyembekezera chotchedwa cover note. Chimenechi chimagwira ntchito kwa masiku okhawo amene alembedwapo, kotero tizikumbukira tsiku limene chikutha.

Tisanachoke pa ofesipo, tiwerenge chiphasocho chilembo ndi chilembo. Kulakwitsa kwa mlembi n'kosavuta: nambala 0 imafanana ndi chilembo O, 8 imafanana ndi B, ndipo 5 imafanana ndi S. Chilembo chimodzi cholakwika chingatibwezere pa vuto lomwe tikuthawa. Tionenso ngati chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chija timati COF, chili ndi nambala yatsopano.

Tisayese konse kudzikonzera tokha chiphaso pofufuta nambala yakale ndi kulembapo yatsopano. Ngakhale cholinga chikhale chabwino, chikalata chofufutidwa chimaoneka ngati chachinyengo, ndipo mlandu wopeka zikalata ndi waukulu kuposa umene timauopa.

Ngati tidagula kudzera mwa ejenti, ndi nzeru kuimbira foni kampani yeniyeniyo kuti titsimikize kuti mgwirizano wathu ulimodi m'mabuku mwawo ndiponso kuti nambala yasinthidwadi. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Zikalata zoyenda nazo

M'masiku apakatiwa, pamene nambala yasintha koma chiphaso chatsopano sichinatuluke, njira yotetezeka kwambiri ndi kuimika galimoto pakhomo. Ngati ulendo uli wosalephereka, tinyamule zikalata izi pamodzi mu envulopu imodzi: chiphaso cha inshuwalansi chakale chija, kope la blue book yatsopano, chikalata chilichonse cha ku Road Traffic chosonyeza nambala yakale ndi yatsopano, pamodzi ndi malisiti ake, kope lodindidwa la kalata imene tidalembera kampani, cover note kapena kalata ya kampani yotsimikiza kuti galimoto ya chassis yakutiyakuti ili ndi inshuwalansi, ndiponso lisiti yosonyeza kuti tidalipira inshuwalansiyo. Kwa galimoto yongolowa kumene m'dziko, tionjezepo zikalata za msonkho za ku Malawi Revenue Authority, popeza nazonso zimakhala ndi nambala ya chassis.

Ndi chinthu chothandiza kujambula zikalatazi pafoni ndi kusungamo nambala ya foni ya ofesi ya kampani yathu. Komabe chithunzi cha pafoni chisalowe m'malo mwa pepala, chifukwa batire imatha ndipo netiweki sipezeka paliponse.

Tikaimitsidwa pamsewu

Wapolisi wa zapamsewu ali ndi mphamvu zotiimitsa ndi kutifunsa laisensi, COF ndi umboni wa inshuwalansi. Akatero akugwira ntchito yake, ndipo tikumbukire kuti nambala zosagwirizana ndi chimodzi mwa zizindikiro za galimoto yobedwa. Kukayika kwake kuli ndi maziko.

Tiime pamalo abwino, timupatse moni mwaulemu, ndipo tisadikire kuti aone yekha kusiyanako. Tiyambe ndife kunena kuti, "Bwana, galimotoyi yangosintha kumene nambala, zikalata zake ndi izi." Kenaka timuonetse zinthu zitatu motsatana: nambala ya chassis pa chiphaso cha inshuwalansi, nambala ya chassis pa blue book yatsopano, ndi nambala yodindidwa pa galimoto yeniyeniyo. Zitatuzi zikafanana, umboni wathu waima. Ngati akadali ndi chikayiko ndipo ndi nthawi ya ntchito, timupemphe kuti ayankhule yekha ndi ofesi ya kampani.

Nthawi zina wapolisi angaumirirebe kuti talakwa. Apa mkangano suthandiza. Tifunse modekha mlandu umene akutizenga, tisunge dzina lake ndi la polisi imene akuchokera, ndipo tipemphe kukaonana ndi mkulu wa zapamsewu pa polisipo, kumene tingakafike ndi kalata ya kampani. Munthu amene akukana mlandu ali ndi ufulu woti nkhani yake imvedwe ndi bwalo la milandu. Ngati tavomera kulipira chindapusa, tilandire lisiti ya boma, ija imatchedwa GR, yolembedwa dzina lathu, nambala ya galimoto ndi ndalama zimene tapereka. Ndalama yoperekedwa popanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limalanga wopereka ndi wolandira yemwe. Amene wachitiridwa nkhanza angakadandaule kwa akuluakulu a polisi kapena ku bungwe la Independent Complaints Commission, limene maziko ake ali m'lamulo la apolisi la 2010.

Ngozi ikachitika zikalata zisanakonzedwe

Apa ndi pamene nkhaniyi imalemera koposa. Lipoti la apolisi lidzalemba nambala imene ili pagalimoto pa tsiku la ngoziyo, pamene mabuku a kampani adzakhala ndi nambala yakale. Wovulala kapena loya wake akadzapita ku kampani ndi nambala yatsopano, angadzauzidwe kuti galimoto yotere saidziwa. Chipukutamisozi chingachedwe, pamene wovulalayo akufunika ndalama za kuchipatala, ndipo mlandu wonse ungatembenukire kwa mwini galimoto.

Zikatere, tipemphe wapolisi wolemba lipoti kuti alembemonso nambala ya chassis ndi nambala yakale. Tidziwitse kampani za ngoziyo msanga, mkati mwa nthawi imene mgwirizano wathu ukunena, ndipo tipereke zikalata zonse zosonyeza kusintha kwa nambala. Ngati kampani ikukana kapena ikuzengereza popanda chifukwa chomveka, tiyambe tadandaula mwa kulemba kwa akuluakulu ake. Zikakanika, tipite kwa Registrar of Financial Institutions ku Banki Yaikulu, amene lamulo la Financial Services Act la 2010 lidampatsa udindo woyang'anira makampaniwa.

Tikamatuluka kunja kwa dziko

Amene timapita ku Zambia, Zimbabwe kapena Tanzania pagalimoto timadziwa khadi yachikasu ya COMESA, imene maiko adagwirizana m'chaka cha 1986 ndipo idayamba kugwira ntchito mu 1987. Khadiyi imalembedwa nambala ya galimoto, choncho nambala ikasintha nayonso iyenera kulembedwanso. Polowa ku Mozambique, monga pa Zobue, woyendetsa amagula inshuwalansi ya dzikolo pachipata. Kulikonseko, ogwira ntchito pa malire amayerekeza blue book, inshuwalansi ndi galimoto yeniyeniyo, ndipo kufotokoza kusiyana kwa manambala m'dziko la eni n'kovuta kuposa kwathu kuno. Tisanyamuke zikalata zisanagwirizane.

Kwa abale athu okhala ku Britain

Ku England, Scotland ndi Wales vutoli limaoneka mwa njira ina, chifukwa apolisi kumeneko amadalira makompyuta. Makamera a m'misewu ndi a m'galimoto za apolisi amawerenga nambala ya galimoto n'kuifufuza m'kaundula wa inshuwalansi amene amasungidwa ndi bungwe la Motor Insurers' Bureau, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1946. Munthu akasintha nambala ku DVLA, ofesi ya boma ya ku Swansea, koma osauza kampani yake, nambala yatsopanoyo imaoneka yopanda inshuwalansi. Ngakhale atauza kampani, pangapite masiku angapo kaundulayo asanasinthe. Aliyense angathe kuona yekha, kwaulere, ngati galimoto yake ikuoneka m'kaundulamo kudzera pa askMID.

Lamulo lawo la Road Traffic Act la 1988 limapatsa woyendetsa masiku 7 oti akaonetse chiphaso cha inshuwalansi ku polisi. Koma kuyambira mu 2005, wapolisi amene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti galimoto ilibe inshuwalansi angathe kuilanda pomwepo, ndipo ikapanda kuomboledwa pa masiku 14 ingagulitsidwe kapena kuphwanyidwa. Chindapusa cha pompopompo choyendetsa popanda inshuwalansi ndi mapaundi 300 pamodzi ndi mapointi 6 pa laisensi. N'chifukwa chake abale athu kumeneko ayenera kuuza kampani asanamange nambala yatsopano, ndi kuyenda ndi chiphaso chatsopano mpaka nambalayo itayamba kuoneka pa askMID.

Galimoto ndi njinga za parishi

Galimoto ya parishi kapena ya bungwe imayendetsedwa ndi anthu angapo, ndipo amene adapita ku Road Traffic nthawi zambiri si amene adzaimitsidwe pamsewu. Choncho pakhale munthu mmodzi wodziwika, kaya msungichuma kaya mlembi, amene ntchito yake ndi kusunga fayilo ya galimoto iliyonse. M'fayilomo mukhale blue book yeniyeni, mgwirizano wa inshuwalansi, ndi pepala lolembedwa masiku amene inshuwalansi ndi COF zikutha. M'galimoto muzikhala makope, ndipo aliyense woyendetsa auzidwe ngati nambala yasintha posachedwa.

Akatekisiti amene adalandira njinga yamoto kuchokera kwa abwenzi akufuna kwabwino kapena ku bungwe lina afunse kuti njingayo idalembetsedwa m'dzina la yani, inshuwalansi yake ili m'dzina la yani, ndiponso ngati mgwirizanowo ukuwalola iwo kuyendetsa. Pali migwirizano ina imene imatchula maina a oyendetsa, ndipo pafupifupi yonse imafuna kuti woyendetsa akhale ndi laisensi yoyenera mtundu wa galimoto kapena njingayo.

Mawu otsiriza

Tikulimbikitsa aliyense amene wawerenga nkhaniyi kuti lero lomwe atenge chiphaso chake cha inshuwalansi ndi blue book, apite pamene pali galimoto kapena njinga yake, ndipo ayerekeze nambala ya kutsogolo, ya injini ndi ya chassis. Ngati zonse zikugwirizana, ayende ndi mtima wokhazikika. Ngati pali kusiyana kulikonse, mawa m'mawa alawirire ku kampani yake ya inshuwalansi. Tiuzenso anzathu a m'miphakati mwathu, makamaka achinyamata amene akuchita kabaza, pakuti munthu woyenda pansi amene tingamugunde pamsewu akudalira chikalata chimenechi kuposa ife eni ake.